Mizere Imene Ndinaphimba ndi Bulota ku Nathenje

Ana anga, mwakhala mukundipempha kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala. Za ubwana wanga mukuzidziwa kale, ndiye sindizibwereza. Pambali panga pano pali makope asanu ndi limodzi amene ndinayamba kulembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ndili ku sekondale, ndipo ndi amene akundikumbutsa. Mayina a anthu a m'chigawo chino ndawasintha onse, ndipo mudzi wawo sindiutchula. Mukafika kumapeto mudziwa chifukwa chake.

1955, Mitundu

Ku sekondale ndinachitako zaka ziwiri zokha. Atate atadwala ndinabwerera kumudzi, ndipo patapita miyezi ingapo abusa anandilembera kalata yondifikitsa ku khoti la mfumu ku Mitundu, kumene ankafuna wothandiza kalaliki. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anthu ankabwera pa windo kudzangoona mtsikana atagwira cholembera cha boma, ena n'kumafunsa ngati ndine mkazi wa kalalikiyo. M'kope langa la tsiku loyamba ndinalemba kuti: "Lero ndaona mabuku a khoti. Ndi aakulu ndiponso olemera, ndipo amanunkha ngati m'tchalitchi. Muli mawu a anthu amene anamwalira ine ndisanayambe sukulu. Ndinaopa kuwagwira. Mulungu andithandize ndisadonthezemo inki."

Bwana wanga anali a Kaunde, bambo wamfupi, wa mawu otsika, amene anagwira ntchitoyi kuyambira pamene khotilo linayamba kulemba milandu. Ankasamba m'manja asanatsegule buku lililonse. Mabukuwo ankakhala m'bokosi lachitsulo limene tinalikhazika pa njerwa zinayi, n'kuthira phulusa mozungulira chifukwa cha chiswe. Lolemba lililonse ntchito yanga yoyamba inali kusesa phulusa lakale, kuthira latsopano, ndi kusungunula inki ya ufa m'botolo. Mapepala ochokera ku Boma ankabwera mochedwa nthawi zonse. Tinkatembenuza maenvulopu akale kuti tilembe mkati mwake, ndipo a Kaunde anandiphunzitsa kulemba zilembo zing'onozing'ono ngati njere za mawere. Bulota, pepala lofewa lija lopsonthera inki, tinali naye mmodzi yekha, ndipo tinkamusamala ngati chikalata cha ukwati.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinali Lachisanu. Tsiku limenelo aliyense anali ndi ufulu wobwera kudzapempha kuti amve zimene zinalembedwa pa mlandu wake, kapena wa makolo ake, kapena wa malire a munda woyandikana ndi wake. Anthu ambiri sankatha kuwerenga, choncho kuona buku kunkatanthauza kulimva. Tinkatulutsa tebulo pa khonde, anthu n'kukhala pansi, kalaliki n'kuwerenga mokweza. Pambali pa kalaliki pankaima munthu wina wodziwa kuwerenga, wosakhala wa khoti, kuti azitsatira chala cha wowerengayo mzere ndi mzere. Tinkamutcha mboni ya buku. Lamulo lake linali limodzi: tsamba likatsegulidwa, liwerengedwe lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Lachisanu langa lachiwiri kunabwera mayi wina wamasiye amene alamu ake ankafuna kumulanda kamunda kake ka mtedza. A Kaunde anapeza tsamba la mlandu wakale, n'kuyamba kuwerenga umboni wa malemu mwamuna wake. Munthuyo zikuoneka kuti ankakonda kunena kuti "ndithudi, ndithudi" asanayambe mfundo iliyonse, ndipo a Kaunde anali atalemba ndithudi aliyense. Atawerenga wachitatu, mayiyo anagwira pakamwa.

"Ndi iwowo amenewo," anatero. "Bambo a kwathu ndi amenewo. Bwerezaninso pamenepo."

A Kaunde anabwereza. Alamu aja anangoyang'ana pansi, kenako ananyamuka mmodzimmodzi. Panalibe amene anagamula chilichonse tsikulo. Buku linalankhula, mlandu n'kutha. Ndinali ndisanaonepo chinthu champhamvu chotero chimene chilibe mkono kapena ndodo.

Tikubweza buku m'bokosi, a Kaunde anandiuza kuti, "aNaphiri, anthu awa maso awo ndi inuyo. Mukalumpha mzere umodzi, mwawabera."

"Nanga alipo amene angalumphe, bambo?"

"Analipo wina, khoti lina kutali kuno. Anasiya mizere iwiri pofuna kuthandiza mlamu wake. Zitadziwika, anthu anasiya kukhulupirira buku lonse, ngakhale masamba oona omwe. Anabwerera kokatsutsana ndi makasu m'minda. Buku ili si lathu, si la amfumu, si la Bwana Disi. Ndi la aliyense amene wakhala pansi apo."

Mawu amenewo ndinawakopera m'kope langa, n'kuwalemba mzere kunsi kawiri.

1957, Nathenje

Patapita zaka ziwiri anatsegula kabwalo ka milandu ku Nathenje kuti anthu a kumeneko asamayende mtunda wautali, ndipo ananditumiza ine kukakhala kalaliki ndekha. Ofesi inali chipinda chimodzi chofolera ndi udzu, pafupi ndi msewu waukulu. Milandu inkaweruzidwa ndi a Mataka, nduna ya amfumu, bambo oseka kwambiri amene ankapempha fodya wa m'mphuno kwa odandaula ndi oyankha omwe kuti asaoneke okondera. Mboni ya buku inali Che Sumaili, mwini sitolo ya patsidya pa msewu. Anthu anawasankha chifukwa analibe munda, dimba kapena mbale m'midzi yozungulira, ndiye panalibe mbali imene akanaikokera. Ndiwonso ankandipatsa mapepala okulungira nsalu mapepala a boma akatha. Mabuku akale onse anatsala ku Mitundu, ndipo mlandu ukafuna buku lakale, mesenjala ankakalitenga pa njinga atalikulunga m'chikopa cha mbuzi.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera mlandu wa dimba. Wodandaula anali Wilisoni, mnyamata wa zaka za m'ma makumi awiri, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Halale ndi jekete yake ndi wotchi. Atafika kumudzi anaona kuti dimba la makolo ake, a Yohane ndi aNambewe, linali lodulidwa: kuyambira pa mkuyu mpaka kumtsinje, malo achinyontho kuposa onse, ankalima a Lameki, munthu wa mtundu wina. A Lameki ankati analandira malowo kwa malemu atsibweni awo, a Chikuse, ndipo khoti linagamula kalekale kuti ndi awo. Wilisoni ankati zimenezo ndi zabodza, a Chikuse anangopezerapo mwayi chifukwa atate ake ndi ofatsa.

"Atate anga satha kukangana ndi nkhuku yomwe," anatero pa bwalo. "Ine ndabwera. Buku liwerengedwe, timve kuti dimba linachoka bwanji."

"Liwerengedwe," anavomera a Lameki. "Ineyo ndiye ndikulifuna kuposa iwe. Kabichi wanga ali m'munda momwemo, ndipo ana anga amadya pamenepo."

A Mataka anaseka, nati sanaonepo adani awiri akupempha chinthu chimodzi. Analamula kuti buku libwere, lidzawerengedwe Lachisanu lotsatira.

Buku linafika Lachiwiri. Ine ndinali ndi chizolowezi chowerenga tsamba ndekha tsiku lisanafike, chifukwa inki yakale imafwifwa ndipo sindinkafuna kudodoma pa khonde. Ndinatseka chitseko masana, n'kupeza mlanduwo. Unali wa zaka makumi awiri zapitazo, m'zilembo za a Kaunde akali mnyamata. Pamwamba panali dandaulo la mlongo wa aNambewe, amene ankati a Yohane, pokhala mkamwini, analibe mphamvu yopereka dimba kwa munthu wakunja. Pansi panali chigamulo chonena kuti malowo, kuyambira pa mkuyu mpaka kumtsinje, ndi a a Chikuse ndi amene adzalowe m'malo mwawo. Koma pakati panali mizere khumi ndi iwiri imene inayamba ndi mawu akuti, "Izi zinanenedwa kuseri, anthu atachotsedwa." Anali mawu a aNambewe. Anafotokoza kuti anakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri opanda mwana, ndipo zitadziwika kuti vuto linali kwa mwamuna wawo, a Yohane eni ake anapita kwa bwenzi lawo a Chikuse mwachinsinsi kukawapempha kuti alowe m'nyumba mwawo ngati fisi. Ana inu mwina simudziwa: fisi anali mwamuna wopemphedwa kuti apereke pathupi m'malo mwa mnzake wosabereka, ndipo mwanayo ankakhala wa mwini nyumba, popanda wina wodziwa. Mwanayo anabadwa, anamutcha Wilisoni, ndipo dimba linali kuthokoza kwa a Yohane.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana tsambalo. Mlongo wa aNambewe anali atamwalira, a Chikuse anamwalira, nduna zimene zinamva mlanduwo zinamwalira. A Yohane analowa mpingo pambuyo pake, ndipo tsopano anali mkulu wa mpingo, wolemekezeka m'midzi yonse. Otsala odziwa nkhaniyo anali iwo, akazi awo, a Kaunde, buku, ndi ine. Ndipo munthu amene ankaumiriza kuti ndiwerenge mokweza anali mwanayo.

Lachitatu m'mamawa ndinabwereka njinga ya mesenjala n'kupalasa kupita ku Mitundu, kudutsa njira za m'madambo. Ndinafika dzuwa lili pamutu. A Kaunde anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako anavula magalasi.

"Ndikulikumbuka tsiku limenelo," anatero. "Tinali ndi buku limodzi lokha chaka chimenecho. Ndinali mnyamata, ndinkaganiza kuti kalaliki wabwino ndi amene sasiya kanthu. Mayi uja anandiyang'ana ndikulemba, n'kufunsa kuti, 'Mwana iwe, ukulembera yani?' Ndinamuyankha kuti ndikulembera boma. Iye anaganiza kuti boma ndi malo akutali."

"Ndiye nditani, bambo?"

"Muwerenge."

"Lonse?"

"Lonse, aNaphiri. Sindikunena kuti n'zabwino. Koma a Lameki ali ndi ufulu womva chimene chikuwasungira dimba, ndipo mnyamatayo ali ndi ufulu womva chimene chikumumana. Mukabisa, adzati mtsikana uja anagulidwa. Adzatero, ndipo sadzanena za inu nokha, adzanena za buku. Mayi wamasiye wa mtedza uja mukumukumbuka? Amene adzabwere pambuyo pake adzapeza buku lopanda mphamvu."

Sindinathe kuwatsutsa, chifukwa zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinangofunsa kuti, "Nanga mawu akuti kuseri munawalemberanji, ngati kuseriko kulibe?"

Anavalanso magalasi. Kenako anati, "Idyani kaye mbatata, njira ndi yaitali."

Lachinayi ndinachita chinthu chimene kalaliki sankaloledwa kuchita. Ndinapita kumudzi kwa aNambewe. Ndinawapeza kudimba akuthirira mpiru ndi chitini, mayi wowonda, wa imvi zambiri. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, ndipo atamva kuti ndine kalaliki anaika chitini pansi.

"Mwawerenga," anatero. Silinali funso.

"Ndawerenga, amayi."

"Ndinadziwa kuti bukulo lidzandipeza. Wilisoni ndamuletsa, ndamuletsa, koma akuti ndine wamantha ngati atate ake." Anapukuta manja pa chitenje. "Simungang'ambe tsambalo?"

"Sindingathe, amayi. Chigamulo cha a Lameki chili pomwepo."

"Eya, n'zoona. A Lameki sanalakwe kanthu." Anayang'ana kumkuyu kuja. "Ine ndakalamba, anthu anene zimene akufuna. Koma bambo a Wilisoni. Munthu uja anamubereka mwana uyu kumsana ngati mkazi. Atadwala chikuku anayenda naye wapansi mpaka ku chipatala cha Nkhoma. Ndiye mawa akakhale pa khonde, anyamata a pa msika akumva kuti iwo si mwamuna, mwana wawo akumva kuti iwo si atate?"

"A Yohane akudziwa zimene zili m'bukumo?"

"Akudziwa. Masiku atatu ano sakudya. Akungosita jekete ya ku tchalitchi."

Pobwerera ndinkalankhula ndekha njira yonse. Kunama sindikanatha. Kulumpha mobisa sindikanatha, chifukwa Che Sumaili akanaona, ndiponso kukanakhala kuba kumene a Kaunde ankanena kuja. Chimene chinanditsalira chinali kubisa poyera, anthu onse akuona kuti ndikubisa, kuti mlandu wake ugwere ine, osati buku.

Lachisanu khonde linadzaza mpaka kumsewu. A Yohane anakhala pa benchi kutsogolo, atavala jekete ija, aNambewe pansi pakati pa amayi. Wilisoni anaimirira atatsamira mzati. Ndinatsegula buku, ndinatenga bulota, ndinamupinda, n'kumuika pakati pa tsamba.

"Tsamba ili lili ndi zigawo zitatu," ndinatero. "Dandaulo ndiwerenga, chigamulo ndiwerenga. Pakati pali mizere khumi ndi iwiri imene inanenedwa kuseri, anthu atachotsedwa. Che Sumaili aone mzere woyamba wokha, atsimikize kuti palembedwa choncho. Yotsalayo sindiwerenga pa khonde."

Che Sumaili anawerama, anawerenga mzere woyamba uja, n'kunena kuti, "Palembedwadi kuseri." Ndinawerenga dandaulo. Ndinadumpha bulota chala changa chikuoneka, n'kuwerenga chigamulo: kuyambira pa mkuyu mpaka kumtsinje. Che Sumaili anavomera kuti ndi momwemo.

"Chifukwa chake?" anafunsa Wilisoni. "Khoti linagamula choncho chifukwa chiyani?"

"Chifukwa chake chili m'mizere imene ndaphimba."

"Ndiye chotsani kapepalako."

"Sindichotsa, achimwene."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wilisoni anachoka pa mzati paja. "Mwamva inu nonse. Dimba latengedwa ndi chifukwa chimene chili pansi pa kapepala. A Lameki akupatsani kabichi angati, akalaliki? Ku Halale ndaona maofesi, sindinaonepo buku lovala thewera."

Ena anaseka. A Lameki nawo anaimirira, atakwiya. "Chotsani, mayi. Ine ndilibe chobisa. Mukatero anthu aziti ndine wakuba mpaka ana anga."

A Mataka sanasekenso. Anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, lamulo la Lachisanu ukulidziwa. Ndikakulamula kuti uwerenge?"

"Mukandilamula, bambo, ndipereka kiyi wa bokosi kwa inu, ndizipita kwathu. Koma pakamwa panga sipawerenga."

Ndinkadziwa kuti ntchito yanga yathera pamenepo. Ndinkaona kale atate anga akulandira mwana wawo wa sekondale atachotsedwa ntchito ndi dzina la ziphuphu. A Mataka anatembenukira kwa Che Sumaili, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kuwapempha kuti awerenge ndiwo. Che Sumaili anaika manja kumbuyo n'kuyang'ana kudenga.

Pamenepo ndi pamene a Yohane anaimirira. Anaimirira pang'onopang'ono, akugwira benchi, n'kukonza jekete. Sanakweze mawu, koma khonde lonse linakhala chete kuti liwamve.

"Mwana wamkaziyu musamuvutitse," anatero. "Dimba lija palibe amene analanda. Ndinapereka ndine. Ndinapempha kwa akazi anga, iwo anavomera, ndipo ndinapita ndekha kukakhoma zikhomo pa mkuyu. A Chikuse anandichitira chinthu chachikulu chimene sindikanatha kudzichitira ndekha. Ndikanakhala ndi madimba khumi ndikanapereka onse, ndipo sakanakwana. Mpaka lero ndikaona chimene anandipatsa, ndimaona kuti ndinapereka zochepa."

Ponena mawu omalizawo anali akuyang'ana Wilisoni. Ine ndekha ndi aNambewe ndi amene tinkadziwa chimene akuyang'ana. Anthu ena ankanong'onezana kuti mwina a Chikuse anawapulumutsa m'madzi, ena ankati anawabisa pa mlandu wina. Mkulu uja sananame ngakhale liwu limodzi, ndipo sanaulule kanthu.

"Atate, chinthu chanji?" anafunsa Wilisoni. Mawu ake anali atatsika.

"Ndidzakuuza ndekha, tsiku langa. Si za pa khonde. Iwe ukuti ndine wofatsa, ndipo n'zoona, koma lero undimvere. A Lameki azilima. Tiye kwathu, mwana wanga, amayi ako atopa."

Wilisoni anaima kanthawi, akuyang'ana ine, akuyang'ana buku. Kenako anapita kukatenga ndodo ya atate ake pansi pa benchi, n'kuwapatsa. Anatsika khonde onse atatu. A Mataka anapempha fodya kwa a Lameki, ananunkhiza, nati, "Mwini dimba wanena. Kalaliki, lembani." Ndinalemba, ndipo tsiku limenelo ndinadonthezadi inki m'buku la boma.

M'kope langa la tsikulo muli mizere iwiri yokha: "Lero ndaona munthu wamkulu. Sindingalembe zambiri."

Nkhani ya bulota inafika ku Mitundu ine ndisanaitumize. Sabata yotsatira a Kaunde anabwera okha pa njinga ndi kalata yondichotsa pa tebulo la Lachisanu kwa miyezi itatu. Anati ndinaswa lamulo, ndinapitanso kwa aNambewe mlandu usanathe, ndipo anthu ayenera kuona kuti kalaliki woswa lamulo amalangidwa. Miyezi imeneyo inali yowawa. Pa msika ankanditcha Nabulota, ndipo panali anthu awiri kapena atatu amene anakana kuti ndiwalembere milandu yawo. Sindinganene kuti a Kaunde analakwa. Koma tsiku lomwelo, asanakwere njinga, anatulutsa m'thumba kope latsopano la chikuto chakuda, limene anagula ku sitolo ya Che Sumaili.

"Ili ndi la kuseri," anatero. "Amfumu avomera. Kuyambira lero chigamulo ndi malire zizilowa m'buku lalikulu, aliyense azimva. Zimene munthu wanena anthu atachotsedwa zizilowa umu, ndipo zizitsegulidwa kwa mwini mawu yekha, kapena khoti likakhalanso kuseri. M'buku lalikulu muzilemba kuti pali mawu ena m'kope lakuda, kuti anthu adziwe kuti alipo."

"Nanga mabuku akale, bambo?"

"Ndayamba kuwawerenga onse kuyambira loyamba. Ndapeza kale masamba anayi." Anakonza chipewa. "Ndinalemba zambiri, aNaphiri. Tifunika bulota wambiri."

1959, Nathenje

A Yohane anamwalira nthawi yokolola. Patapita mwezi umodzi, Lachiwiri lina ndili ndekha mu ofesi, Wilisoni anagogoda. Jekete ya ku Halale ija inali itatha m'zigongono, ndipo anali atakwatira, ali ndi mwana wamkazi. Anakhala pa benchi, chipewa pa bondo.

"Buku lija lili kuno?"

Linali konko, chifukwa mabuku a midzi ya kumeneko anali atawasamutsira ku Nathenje. Ndinamuuza kuti mawu a pakati aja mwini wake ndi amayi ake, ndipo popanda iwo sindingamuwerengere.

"Sindinabwerere zimenezo," anatero. "Atate anandiuza. Anandiitanira kudimba sabata imodzi asanatisiye, tinakhala pansi pa mkuyu, n'kundiuza zonse ndi pakamwa pawo. Atamaliza anandifunsa ngati ndikufuna kusintha dzina." Anaseka pang'ono, maso ali ofiira. "Ndinawauza kuti akalamba, ayamba kulankhula zopanda mutu."

Kenako anandiyang'ana.

"Ndinakunyozani tsiku lija, achemwali. Za kabichi zija."

"Zinatha zimenezo."

"Mungonditsegulira tsambalo ndilione."

Ndinasamba m'manja, ndinatulutsa buku, n'kulitsegula pa tebulo. Bulota anali pomwepo, a Kaunde atamumanga ndi mapini awiri. Wilisoni ankatha kuwerenga bwino ndithu, ndipo mapiniwo akanachoka ndi chala chimodzi. Ine ndinali nditaganiza kale kuti akawachotsa ndigwira dzanja lake. Anawerenga dandaulo, anawerenga chigamulo, milomo ikuyenda. Kenako anaika chikhatho chake pa bulota paja n'kuchisiya pomwepo kanthawi, ngati mmene munthu amagwirira mutu wa mwana wodwala.

"Mapini awa achita dzimbiri," anatero. "Adzathyoka."

Anatuluka, anawoloka msewu kupita kwa Che Sumaili, n'kubwera ndi mapini anayi atsopano. Anawamanga yekha, limodzi pa ngodya iliyonse.